Oboe ya phingo kapena ya pulasitiki: mugule iti?

(Kamera ionetse ma oboe awiri akuda ali patebulo)

Oboe ndi chida choimbira chochita kuuzira, chonga chitoliro. Awiri awa, mukaima patali simungawasiyanitse. Iyi ndi ya pulasitiki, iyi ndi ya mtengo. Mtengo wake mumaudziwa bwino: ndi phingo, yemwe uja amasemera ziboliboli. M'masitolo mudzamva akuti grenadilla. Wambiri amachokera ku Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo ndi wolemera moti ukamuponya m'madzi amamira. Makampani akuluakulu monga Lorée ya ku Paris, imene idayamba mu 1881, ndi Howarth ya ku London, amasema ma oboe awo apamwamba ndi mtengo umenewu. Akatswiri amaukonda ati chifukwa mawu ake amatuluka onona.

Vuto la phingo ndi limodzi: amang'aluka.

(Kamera iyandikire chigawo chapamwamba, chala chiloze timabowo)

Taonani apa. Chigawo chapamwambachi n'chopanikizika mkati, timabowo tili pafupipafupi. Mukamaimba, mpweya wofunda ndi wachinyontho umadutsa mkatimu, mtengo n'kutupa, pomwe kunjaku kudakali kozizira. Ingoganizani m'mawa wa mu Juni, mwangoitulutsa m'bokosi n'kuyamba kuuzira. Mng'alu umatsegukira pakati pa timabowo tiwiriti, mpweya n'kumathawira pomwepo, mawu ena osatulukanso. N'chifukwa chake oimba amayamba apanira chigawochi kukhwapa kuti chifunde, ndipo akamaliza amapukuta mkati ndi kansalu. Ikakhala yatsopano, masiku oyamba amangoiimba mphindi 10 kapena 15 basi. Mwana wa Fomu 1 angakumbukire zonsezi? Kaya.

Ya pulasitiki, monga Yamaha YOB-241 kapena Fox Renard 330, ilibe nazo ntchito nyengo. Kuzizire, kutenthe, imaimba. Ndiponso musamaione ngati chidole, kampani ya Fox imapanga za pulasitiki zomwe akatswiri amaimbira panja.

Palinso zapakatikati. Ina imakhala ndi chigawo chapamwamba cha pulasitiki, chapansi cha mtengo. Buffet Crampon ili ndi mtundu wa Green Line, wopangidwa ndi ufa wa phingo wosakaniza ndi utomoni wolimbitsa.

Ineyo maganizo anga ndi awa: ngati mukungoyamba, kapena kwanuko kulibe mmisiri wokonza oboe, tengani ya pulasitiki. Ndalama yotsalayo igwere ku mabango.

(Aonetse kabango ka oboe pachikhatho)

Kabango aka, timapande tiwiri tomangidwa pamodzi, ndi kamene kamabereka mawu. Kakakhala koipa, ngakhale Lorée imalira ngati bakha. Kamathanso msanga, ndiye muzigula pafupipafupi.

Chinanso muyang'ane makiyi, tizitsulo timene mumadina potseka ndi kutsegula timabowo. Ma oboe ena a ophunzira alibe kiyi yotulutsira mawu apansi otchedwa B-flat, kapena kiyi ya kudzanja lamanzere ya mawu otchedwa F, ndipo mukafika pa nyimbo zovutirapo mudzazifuna. Pokagula mutengane ndi aphunzitsi anu. Inu mutembenuke, iwo aimbe zonse ziwiri ndi kabango kamodzimodzi, muone ngati khutu lanu lingaloze ya phingo.