Njingayi Ndi Yanga: Za Dzulo ku Jonkershoek

Moni abale anga nonse, a ku Cape Town konkuno, a ku Joni, a ku Durban, ndi inu amene mukumvera muli kumudzi. Lero sindichedwa ndi malonje, chifukwa zimene zandichitikira dzulo zikundiwirabe mumtima.

Ndinapita kukapalasa njinga m'phiri ku Jonkershoek, kuseri kwa Stellenbosch. Ndalipira pageti, kapepala ndapinda m'thumba, ndikumanga chipewa, panafika bambo wina pa galimoto lalikulu, njinga ziwiri atapachika kumbuyo. Moni osapereka. Anangoyang'ana njinga yanga kuyambira kutayala mpaka kuchishalo n'kufunsa kuti, "Mwini wake wa njingayi ndani?" Abale, mwini wake ndani! Chipewa chili kumutu, magolovesi ali m'manja, koma m'maso mwa bamboyo ine ndine wantchito wogwirizira bwana njinga, apo ayi ndine mbava. Ndinawayankha mwaulemu kuti ndi yanga, ndipo akafuna ndiwawerengere nambala ya pansi pa fulemu osayang'ana.

Nambalayo ndimaidziwadi pamtima, chifukwa njingayi ndinaivutikira. Amene mumamvera pologalamuyi kawirikawiri mukudziwa kuti ndimagwira pa shopu yokonza njinga. Mwezi wa Malichi kuno kumakhala Cape Epic, mpikisano umene unayamba mu 2004, anthu amapalasa awiriawiri masiku 8 m'mapiri, mtunda wa makilomita pafupifupi 700. Nyengo imeneyo shopu siigona. Kutsuka, kusintha matcheni, kuchotsa mpweya m'mabuleki a mafuta, mpaka usiku. Ndalama ya maola owonjezera abwana anga anati alibe, m'malo mwake nditenge fulemu yakale imene inkangochita fumbi kuseri. Ndinavomera. Kutha kwa mwezi ndikupeza kuti fulemu yomweyo aidulanso pa malipiro. Kawiri, abale! Akudziwa kuti mlendo sathamangira kukasuma. Ndinameza malovu, n'kuyamba kutolera: magiya amene kasitomala wataya, foloko ya shoko yodontha mafuta imene ndinaiphwasula ndekha n'kuisintha malabala, mawilo ndinaluka ndi manja angawa sipoko imodziimodzi. Ndiye munthu azindifunsa kuti mwini wake ndani?

Chabwino, tibwerere kuphiri. Jonkershoek ndi chigwa, mapiri amiyala atachitchinga uku ndi uku, pakati pakuyenda mtsinje wa Eerste. Umayamba kukwera pa msewu wa dothi m'mitengo ya paini, kafungo ka utomoni kali guu, kenako mitengo imatha n'kulowa m'tchire lawo lija amati fynbos, maluwa a protea ali mbwee. Pamtunda wa chonchi mphamvu zokha sizithandiza. Umatsitsa giya, kukhala kutsogolo kwa chishalo, chifuwa pafupi ndi mahandulo kuti tayala lakutsogolo lisadzuke, n'kumapalasa mofatsa ngati wanyamula mayi ndi thumba la chimanga pa kabaza. Ntchito imeneyo ndinaigwirapo ndisanabwere kuno, ndipo miyendo siinaiwale. Bambo aja ndinawapeza pakona ina akukankha njinga yawo, thukuta lili kamukamu. Ndinawapatsa moni amene iwo anandimana, n'kudutsa.

Koma chimene ndimapitirako ndi mtsetse. Kanjira kake n'kongokwana tayala limodzi, kokhotakhota, pena mizu, pena miyala. Chishalo umachitsitsa, n'kuimirira pa mapedulo, zidendene pansi, mawondo omasuka, chala chimodzi chokha pa buleki iliyonse. Maso usaike pa mwala umene ukuuopa, chifukwa njinga imapita kumene maso apita. Yang'ana mpata umene ukufuna kudutsa. Liwiro umachepetsa usanalowe m'kona. Ukafinya buleki yakutsogolo uli kale m'katimo, pa mchenga uja, tayala limathawa ndipo umadya dothi. Pamakona ena anaunjika dothi m'mbali ngati khoma, ukangopendekera njinga imadzikhotera yokha, mimba n'kuchita myuu. Pamenepo ndimaiwala za lendi, za mapepala, za foni zakumudzi zopempha ndalama ya feteleza. Ndikafika kumunsi manja akunjenjemera, ndimalakalaka mng'ono wanga akanakhala pambali panga kuti aone zimene njinga imatha kuchita.

Tsono ndikufunseni, achimwene, inu amene mumatchetcha kapinga ku Constantia, ndi inu achemwali amene mumalera ana ku Durbanville: mapiri amene mumawaona pawindo la tekisi m'mawa uliwonse, munakwerako? Timabwera kuno, timagwira ntchito, timatumiza ndalama, Lamlungu timachapa n'kugona. Zaka zimatha munthu akudziwa msewu umodzi wokha, wochoka kuchipinda kupita kwa bwana. Tinadziuza tokha kuti zam'phiri n'za azungu. Analemba pati? Pageti amafuna chilolezo, ulipire ulowe. Thupi limene likudyetsa anthu kumudzi nalonso limafuna kupuma mpweya wabwino. Ndaona anyamata athu akuthera malipiro m'mabotolo chifukwa cha kusungulumwa, pamene ndalama yomweyo ikanagula njinga yogwirapo kale ntchito ndi chipewa. Sindikunyoza munthu, kusungulumwa kwa kuno ndimakudziwa. Ndikungoti phiri lilipo.

Ine ndinayambira ku Tokai, m'munsi mwa Constantiaberg, komwe chilolezo ndi cha SANParks, bungwe la boma loyang'anira nkhalango zotetezedwa. Moto wa mu Malichi 2015 unapsereza nkhalango ya kumeneko, tinjira tinatsekedwa kwa nthawi yoposa chaka, anthu n'kudzatikonzanso ndi makasu ndi mafosholo. Kuli anyani osaopa munthu, chakudya usaonetse. Dzuwa likatentha mphiri imagona pakanjira penipeni ndipo siithawa, uiyembekeze kapena uilambalale patali. Zikwangwani za tinjira zili ndi mitundu: chobiriwira n'cha oyamba, chakuda usachiyese msanga. Usapite wekha, akuba njinga amabisalanso m'mapirimu.

Ndipo pamsewu popita kumeneko chenjerani ndi matekisi. Burry Stander, mnyamata wa dziko lino amene anapambana Cape Epic mu 2011 ndi 2012 limodzi ndi Christoph Sauser wa ku Switzerland, sanafere m'phiri. Inamugunda tekisi mu Januwale 2013 ku Shelly Beach, ku KwaZulu-Natal, ali pa njinga. Sauser yemweyo ndi amene anathandiza kuyambitsa Songo ku Kayamandi, komboni ya ku Stellenbosch, komwe ana akuda amaphunzira kupalasa njinga zam'phiri akaweruka kusukulu. Ana amenewo akamatsika mtsetse ungaleke zonse n'kumangowaonerera.

Lamlungu likubwerali ndili ku Tokai m'mamawa, mphepo isanayambe. Amene ali ndi njinga, kaya ndi yotani, abwere nayo dzuwa lisanakwere, mabuleki ndi tcheni ndikuonerani ulere. Chipewa chapadera ndili nacho chimodzi, woyamba kunditumizira uthenga ndi chake.