Amayi musalire, sakundithamangitsa

Amayi, mwaswera bwanji? Achimwene, ndikudziwa kuti foni ili ndi inu, chonde kwezani mawu amayi adzimvere okha, chifukwa nkhaniyi yawafika mokhota. Ndangoweruka kumene, mukamva phokoso ndi basi imeneyo.

Poyamba penipeni, sakundithamangitsa ayi. Palibe wandiuza kuti ndilongedze katundu. Kalata ya ku Home Office, nthambi ya boma la kuno ku UK yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, imene ndinaponya pa gulu la banja dzulo ija, yolembedwa kuti indefinite leave to remain, ndi nkhani yabwino, ndi imene ndakhala ndikuyivutikira zaka zonsezi.

Achimwene, sindikukudzudzulani. Munaona mawu akuti leave, ndipo tonse kusukulu anatiphunzitsa kuti leave ndi kuchoka. Aphunzitsi akakwiya n'kunena kuti leave my class, unkanyamula makope n'kutuluka. Ndiye pambali pake alembanso indefinite, inu n'kumva kuti ndi kuchoka kosadzabweranso. Aliyense akanamva chomwecho. Koma mawu amenewa amagwira ntchito zingapo, ndipo akakhala m'kamwa mwa boma kapena khoti, leave ndi chilolezo. Lamulo la kuno la olowa ndi otuluka m'dziko, la 1971, limati leave to enter potanthauza chilolezo cholowa, leave to remain chilolezo chokhala. Ngakhale kumudziko maloya amatero, akafuna kukachita apilo pa milandu ina amayamba apempha leave kukhoti, ndiye kuti akupempha kuti awalole. Pavoti ya 2016 yotuluka mu European Union, mbali ina inkatchedwa Leave, ina Remain, kutuluka ndi kutsala, adani enieni. Pakalata yanga mawu awiri omwewo akhala limodzi, ndipo akunena kuti khala.

Tsono amayi, mvetserani kusiyana kwake. Chilolezo chomwe ndinali nacho kale chinali cha nthawi, komanso chomangirira kwa abwana amene ananditenga. Ntchito ikanatha, akanandipatsa masiku 60 okha kuti ndipeze abwana ena ondiyimira, apo ayi ndibwerere. N'chifukwa chake munkandimva ndikupirira zinthu zina osayankha. Chatsopanochi chilibe tsiku lothera. Nditha kusintha ntchito mmene ndafunira, ndipo ndalama zokonzetsera viza zija zatha. Ine andipatsa nditakwanitsa zaka zisanu pa viza ya ntchito, nditakhozanso mayeso otchedwa Life in the UK. Mafunso amakhala 24, mphindi 45, ndipo uyenera kukhoza 18. Foni ndi wotchi umasiya m'kabati panja, amakuyang'ana mpaka m'makutu, kenako umakhala pa kompyuta kuyankha za mafumu awo akale. Mabuku aja munkawaona pa bedi tikamaimbirana pa vidiyo anali a zimenezo.

Munafunsa kuti ndikuonetseni khadi lake. Kulibe khadi masiku ano. Makhadi aja anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, pano zonse zili pa intaneti, zolumikizidwa ndi pasipoti.

Ndiye pali leave wina, amene inu amayi mumamudziwa bwino, uja bambo ankatenga akamabwera kumudzi nthawi yokolola. Ameneyo ndi tchuthi cha kuntchito. Kuno lamulo limati wogwira ntchito masiku asanu pa sabata apatsidwe masiku osachepera 28 pa chaka, akulipidwa. Amamveka ambiri, koma ukachotsa a ulendo ndi ena osungira mwadzidzidzi, matenda kapena zovuta, otsala ndi ochepa. Komanso sumangodzuka n'kutenga. Umalembetsa miyezi isanakwane, asanatulutse ndandanda wa mashifiti, ndipo Ogasiti ndi Disembala aliyense amalimbirana.

Apa ndi pomwe ndikufuna timvane bwino, chifukwa ndamva kuti mwayamba kale kunena kuti poti pepala latuluka, ndibwere ndidzakhale miyezi inayi tidzamalize nyumba. Mtima wanga ukufuna zomwezo, amayi, Mulungu akudziwa. Koma leave woyamba uja, wa kuchoka, akadali ndi mano. Ndikakhala kunja kwa dziko lino zaka ziwiri zotsatizana, chilolezochi chimafa. Zimenezo sizikundiopsa. Chomwe ndikusamala ndi unzika. Pakatha miyezi 12 ndili ndi pepalali nditha kupempha kukhala nzika ya kuno, koma amawerenga masiku amene unali kunja: asapitirire 90 m'chaka chomalizacho, ndiponso asapitirire 450 m'zaka zisanu. Miyezi inayi ingandibwezere m'mbuyo. Ndipo musade nkhawa kuti nditaya Umalawi, dziko lathu linavomereza kale kuti munthu akhale nzika ya mayiko awiri. Pasipoti yakwathu sindiyisiya.

Choncho chaka chino ndibwera, koma masabata atatu basi. Za nyumba, achimwene, pitirizani ndi amisiri omwe aja, malata ndidzatumiza ndalama yake kumapeto kwa mwezi. Ndikufuna ulendowu ugwirizane ndi chinkhoswe cha mwana wa azakhali, ndiye mundifunsire tsiku lenileni sabata ino, lisakhale la "tidzaona". Ndikalembetsa tchuthi n'kugula tikiti, kusintha kumadula kwambiri.

Zinthu ziwiri zomaliza. Achimwene, chithunzi cha kalata chija chichotseni pa gulu, ndipo musatumizire wina aliyense, pali manambala anga amene akuba angagwiritse ntchito. Ndipo amayi, amalume anandiimbira m'mawa akundipepesa, kusonyeza kuti mbiri yafika kale kutsidya. Mawa mukapita kutchalitchi kawauzeni amayi anzanu aja kuti mapemphero asinthe, akhale othokoza. Basi yanga yafika poti nditsike, ndiimba Lamlungu madzulo. Mugone bwino.