Akazi a m'mafilimu omenyana: ntchito imene kamera siionetsa

[Chithunzi: sitima ikudutsa mumzinda wa Kuala Lumpur]

Chaka cha 1992, ku Malaysia, mayi wina anathamangitsa njinga yamoto m'mbali mwa njanji, kenako n'kudumpha nayo mpaka kukatera padenga la sitima yomwe inali kuyenda. Sizinali za kompyuta ayi, ndipo palibe amene anamuimira. Mayiyo ndi Michelle Yeoh, mu filimu ya Police Story 3: Supercop imene anasewera ndi Jackie Chan. Amene munaionera mpaka kumapeto, pamene mayina amayenda, mukudziwa kuti sizinatheke ulendo umodzi. Akuonetsa mmene ankapserereka n'kugwa, n'kudzukanso.

Takulandirani owonera athu. Ambiri a ife tinakulira m'mavidiyo a m'tauni ndi pa tiredingi, kumene aliyense amadziwa kuti sitalingi ndi mwamuna ndipo mkazi amangodikira kupulumutsidwa. Lero tikambe za akazi amene anagwira ntchito yolemetsa kuseri kwa kamera: kuphunzira ndewu, kuika moyo pachiswe, kufunafuna ndalama, ngakhale kusankha nkhani yoti ijambulidwe.

[Chithunzi: filimu yakale yopanda mawu, njanji ndi siteshoni]

Nkhaniyi sinayambe dzulo. Pakati pa 1914 ndi 1917, kampani ya Kalem ku America inatulutsa The Hazards of Helen, filimu ya magawo 119 yonena za mtsikana wogwira ntchito ku njanji. Woyamba kusewera anali Helen Holmes, ndipo iye sankangoima kutsogolo kwa kamera. Ankathandiza kulemba nkhani, ndipo mu 1915 anachoka n'kukatsegula kampani ya Signal pamodzi ndi J.P. McGowan. Amene anamulowa m'malo, Helen Gibson, anali katswiri wokwera mahatchi m'mipikisano, ndipo anayamba ntchitoyi pomuimira Holmes m'malo oopsa. Anadumphapo kuchokera padenga la siteshoni kupita pa sitima yoyenda, nthawi imene kunalibe zingwe zamakono zogwirira munthu.

Mafilimu atasanduka bizinesi ya ndalama zambiri, ntchito zoterezi zinapita kwa amuna. Kunabwera chizolowezi choveka mwamuna wigi ndi diresi kuti aimire mkazi pa stunt (zochita zoopsa za mufilimu, monga kudumpha ndi kugwa), ndipo akazi ogwira ntchitoyi akhala akudandaula nacho mpaka zaka zaposachedwapa, chifukwa chimawalanda ganyu yomwe angathe kugwira.

[Chithunzi: Michelle Yeoh ali wachitsikana]

Tibwerere kwa Yeoh, chifukwa moyo wake ukuonetsa bwino mmene ntchitoyi imayendera. Anabadwa mu 1962 ku Ipoh, ndipo maloto ake anali kuvina gule wa ballet. Anakaphunzira ku Royal Academy of Dance ku London, koma anavulala msana, malotowo n'kutha. Atafika ku Hong Kong analibe maphunziro a kung fu. Chimene anali nacho ndi thupi lozolowera kuloweza masitepe. Anayamba kupita ku jimu tsiku ndi tsiku kukaphunzira kwa anyamata a stunt, ndipo ankatenga ndewu ngati gule: phazi apa, mkono apo, kutembenuka pa nthawi yake. Mu 1985 anatsogolera Yes, Madam! pamodzi ndi Cynthia Rothrock wa ku America, ndipo filimuyo inatsegula njira ya mafilimu ambiri a ku Hong Kong okhala ndi apolisi aakazi omenya nkhondo.

Mwina mungafunse kuti phindu lake n'chiyani wosewera akamachita yekha zinthu zoopsa. Yankho lili pa kamera. Wina akamamuimira, dairekitala amakakamizika kubisa nkhope: amajambula kumbuyo, amaima patali, kapena amadula chithunzi pafupipafupi kuti musazindikire kuti munthu wasintha. Koma wosewera akatha kumenya yekha, kamera imaima pafupi, chithunzi chimatalika osadulidwa, ndipo inu mumaona mantha ndi kutopa pankhope yake pamene chibakera chikubwera. Choncho miyezi imene mkazi amathera ku jimu imasintha kajambulidwe ka filimu yonse, ngakhale dzina lake silipezeka pa mndandanda wa okonza ndewu.

Mtengo wake ndi waukulu. Pojambula The Stunt Woman ya 1996, yotsogoleredwa ndi Ann Hui, Yeoh anadumpha pa mlatho wa msewu, mamita pafupifupi 5, n'kutera molakwika. Anavulala msana kwambiri moti anamunyamula kupita naye kuchipatala. Pa Crouching Tiger, Hidden Dragon ya 2000 anaduka mtsempha wa bondo kuchiyambi kwa ntchito, anakachitidwa opaleshoni, n'kubwerera kudzamaliza. Pa filimu yomweyo ankaloweza mawu a Chimandarini pongomvera katchulidwe, popeza sichinali chilankhulo chimene anakula nacho.

Kenako anachita chinthu chimene ine ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa kudumphira pa sitima: anatsegula kampani yake, Mythical Films, n'kukhala pulodyusa wa The Touch ya 2002 ndi Silver Hawk ya 2004. Mafilimuwa sanagulidwe kwambiri. Komabe anakhala pa mpando umene amasankhirapo nkhani, olemba ntchito ndi kagwiritsidwe ka ndalama. Mu 2023, ali ndi zaka 60, analandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America, ya wosewera wamkazi wopambana chifukwa cha Everything Everywhere All at Once, mkazi woyamba wa ku Asia kuilandira. Gawo limene anasewera mu filimuyo poyamba analilembera Jackie Chan, ndipo Yeoh analinso mmodzi wa ma pulodyusa aakulu a filimuyo.

[Chithunzi: Charlize Theron akulimbana pa masitepe a nyumba]

Wina amene anatenga njira yomweyi ndi Charlize Theron, mwana wa ku Benoni ku South Africa. Kampani yake inkatchedwa Denver and Delilah, mayina a agalu ake. Kudzera mu kampaniyi anatenga ufulu wa nkhani imene inadzakhala Atomic Blonde ya 2017, ndipo anaikankha zaka pafupifupi zisanu isanajambulidwe. Dairekitala wake anali David Leitch, amene poyamba ankaimira Brad Pitt pa ma stunt. Pokonzekera, Theron anasweka mano chifukwa chokukuta ponyamula ndi kugwetsa amuna olemera. Ndewu ya pa masitepe mu filimuyi, yooneka ngati yajambulidwa ulendo umodzi, taionetsetsani: mkaziyo akutopa, akupuma movutikira, akugwiritsa ntchito chilichonse chimene dzanja lafikira, chifukwa sangapambane mwamuna wamkulu ndi mphamvu zokha. Ndewu yotere imachokera kwa munthu amene anali ndi mawu pokonza filimuyo.

The Woman King ya 2022 nayonso inabadwa kwa osewera aakazi. Maria Bello atapita ku Benin anamva mbiri ya Agojie, gulu la asilikali aakazi a ufumu wa Dahomey, ndipo mu 2015 anaipereka kwa Viola Davis. Davis ndi mwamuna wake Julius Tennon, kudzera mu kampani yawo ya JuVee, anavutika zaka zingapo kutsimikizira eni ndalama kuti filimu ya nkhondo yotsogoleredwa ndi akazi akuda ingagulike. Inajambulidwa ku South Africa motsogoleredwa ndi Gina Prince-Bythewood, ndipo Thuso Mbedu wa ku Pietermaritzburg anapatsidwa gawo lalikulu. Davis anaphunzira kumenya ndi chikwanje ali ndi zaka 56.

[Chithunzi: mayina akuyenda kumapeto kwa filimu]

Tisaiwale akazi amene nkhope zawo sitiziona n'komwe. Zoë Bell wa ku New Zealand ankaimira Lucy Lawless mu Xena ndi Uma Thurman mu Kill Bill, kenako anasewera yekha, ndipo mu 2019 anali woyang'anira ma stunt onse a Once Upon a Time in Hollywood. Ena anzake sizinawathere bwino. Olivia Jackson wa ku South Africa anawombana ndi chida chonyamula kamera ali pa njinga yamoto mu 2015, pojambula Resident Evil: The Final Chapter, ndipo pambuyo pake anadulidwa mkono wamanzere. Joi Harris, katswiri wa mipikisano ya njinga zamoto, anamwalira ku Vancouver mu 2017 pojambula Deadpool 2. Imeneyo inali filimu yake yoyamba.

Zimandiwawa kuti kwa zaka pafupifupi 100 za mphoto ya Oscar, anthu ngati amenewa analibe gawo lawolawo la mpikisano. Mu Epulo 2025, bungwe la Academy, limene limapereka mphotoyi, linalengeza kuti mphoto ya okonza ma stunt iyamba kuperekedwa pa mwambo wa 2028, kuyambira ndi mafilimu otuluka mu 2027.