Kodi bulugamu amatetezadi mtsinje? Zimene makomiti a ku Mulanje ayenera kudziwa

Moni nonse amene mukuonera, kaya muli ku Chitakale, ku Likhubula, ku Muloza kapena kutali ndi kwathu kuno. Lero tikamba za makomiti a m'midzi amene amasamala mitsinje yochokera m'phiri la Mulanje, ndipo ndikupempheni kuti muonere mpaka kumapeto, chifukwa pali mtengo umene ambiri akuudzala m'mphepete mwa mitsinje poganiza kuti akuthandiza, chonsecho akuumitsa madzi.

Tidutse mwachangu pa zoyambirira. Ruo, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila imachokera m'phiri limeneli, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Madzi a Likhubula amafika ku Blantyre m'mapaipi a Blantyre Water Board, a Lichenya amapukusa magetsi ku Bondo, ndipo Ruo amakathira mu Shire ku Chiromo. Komiti yosamala mtsinje siyang'ana gombe lokha, koma dera lonse limene madzi a mvula amatsetserekera mumtsinjewo, kuphatikizapo minda, njira ndi madambo.

Choyamba, komiti ikhale ndi malamulo ake olembedwa. Lamulo la zankhalango la 1997 limavomereza makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, koma komiti imene sinagwirizane ndi amfumu pa chindapusa cha wootcha makala kapena wolima mpaka m'madzi imangotha mawu. Midzi ya kumtunda ndi ya kumunsi ikhalenso pamodzi, popeza matope ochokera kwa ena amakwirira madimba a anzawo.

Chachiwiri, ntchito iyambire kumtunda. Akalozera, udzu wa vetiva ndi maswale (ngalande zokumbidwa mopingasa pamalo otsetsereka kuti zigwire madzi a mvula) zimachepetsa liwiro la madzi kuti alowe m'nthaka.

Chachitatu ndiye chimene chandikhazika pano. Mwamva anthu akunena kuti mtengo ndi mtengo, bola pagombe pakhale pobiriwira. Abale anga, mawu amenewa si oona, ndipo amandipweteka mtima chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 December, ndikaona mbande za bulugamu zikutsitsidwa pa kasupe pamene amayi amatungapo madzi. Bulugamu anachokera ku Australia. Amakula msanga, ndipo kukula msangako kumalira madzi ambiri. Sayoyola masamba m'chilimwe, choncho mu September ndi October, pamene mtsinje ukudalira madzi osungika pansi pa nthaka okha, iye amakhala akumwabe, ndipo akakhala pagombe mizu yake imafika pamadzi enieniwo popanda chovuta. Mayiko ena ankamudzala dala m'madambo pofuna kuwaumitsa. Ndiye ife tikuyembekezera kuti mtengo womwewo utisungire kasupe?

Yang'ananinso pansi pa nkhalango ya bulugamu yothithikana. Udzu ndi zitsamba sizimera bwino, nthaka imakhala poyera, ndipo mvula yamphamvu ikagwa madzi amathamanga n'kukokolola gombe lomwe timati tikuteteza. Ku South Africa boma linayambitsa ntchito ya Working for Water mu 1995, yolemba anthu kuti azidula mitengo yachilendo, bulugamu ndi paini mommo, m'mbali mwa mitsinje pofuna kubwezeretsa madzi. Kwathu konkuno bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust lagwira ntchito yochotsa paini amene anafalikira pamwamba pa phiri. Ngati ena akulipira ndalama kuti achotse, ife tisamadzale ndi manja athu.

Ndikudziwa kuti wina akuti, "Nanga mapolo ndi nkhuni tizitenga kuti?" Funsolo ndi lomveka, ndipo sindikunena kuti bulugamu ndi mdani. Ma esiteti a tiyi amamudalira poumitsa tiyi, ndipo mabanja ambiri amalipira fizi atagulitsa mapolo. Malo ake ndi kumtunda, kutali ndi kasupe, dambo ndi gombe. Pagombe tidzale mitengo imene makolo athu anaipeza pomwepo, monga katope, mkuyu ndi mbawa, komanso nsungwi zimene mizu yake imagwira dothi ngati ukonde. Ngati bulugamu alipo kale, musamugwetse yense tsiku limodzi n'kusiya gombe lambee mvula ili pafupi. Chotsani pang'onopang'ono mukudzala ina, ndipo muzibwerera kukathyola mphukira, chifukwa chitsa chake chimaphukanso mwamphamvu.

Ngati mfundo imeneyi yakuthandizani, dinani kachala ka layiki ndi batani la sabusikilayibu, ndipo mutumize vidiyoyi pa gulu la WhatsApp la komiti yanu, makamaka kwa amene amayang'anira nazale.

Chachinayi, moto. Mbande zodzalidwa mu January zimapsa mu October ngati palibe amene analambula njira zotchinga moto, ndipo nthawi zambiri kuteteza zitsa za mitengo yachilengedwe kuti ziphukenso kumabweza nkhalango msanga kuposa kudzala mbande zatsopano.

Chachisanu, tisanamizane. Amene tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023, ndi akuluakulu amene akukumbukira napolo wa ku Phalombe mu 1991, tikudziwa kuti pali mvula ina imene ngakhale nkhalango yabwino singaitchinge yonse. Pachifukwa ichi komiti izikambirananso ndi amfumu za nyumba zomangidwa m'makwawa ndi m'njira za madzi.

Lembani m'munsimu dzina la mtsinje wa kwanu ndi mitengo imene ili pagombe pake. Mu vidiyo yotsatira tidzaonetsa mmene mungatolere njere za katope ndi kuzifesa mu nazale zisanaume.