Mwana akalowa pa koleji ya zaumoyo ya Malamulo: zimene makolo ayenera kudziwa

Mafumu athu, azibusa, amayi ndi abambo, zikomo kwambiri. Amene muli kumbuyoko sendezani mabenchi, mphepo ya kuno ku Makwasa imaba mawu.

Ambirife Malamulo timaidziwa ngati chipatala. Timapitako ndi malungo, timakachirirako, koma anyamata ndi atsikana ovala yunifolomu amene amatiyeza magazi aja sitifunsa kuti amachokera kuti. Ambiri mwa iwo ndi ophunzira a koleji ya zaumoyo ya pomwepo, imene lero ili pansi pa Malawi Adventist University.

Malo ajatu poyamba sankatchedwa Malamulo. Anali Plainfield, mishoni imene anayambitsa Joseph Booth, mzungu yemwe uja anapita ndi John Chilembwe ku America mu 1897. Mu 1902 mpingo wa Seventh-day Adventist unagula malowo, ndipo amene anabwera kudzatsogolera ntchito anali Thomas Branch, munthu wakuda wochokera ku America, ndi banja lake. Mwana wake wamkazi Mabel ndiye ankaphunzitsa ana. Dzina loti Malamulo linabwera mu 1907, nthawi ya mmishonale Joel Rogers. Kenaka kunabwera kachipatala, ndipo agogo athu amakumbukira kuti anthu odwala khate ankayenda mitunda italiitali kudzalandira thandizo pano. Odwala atachuluka, adokotala ochepa aja sakanatha okha, ndiye anayamba kuphunzitsa anthu akuno kutsuka mabala, kubaya jakisoni, kuyeza. Kolejiyi inaphuka pamenepo. Chipatala ndiye mayi, sukulu ndi mwana. Mugwire mfundo imeneyi, chifukwa moyo wonse wa wophunzira wa pano ukuchokera apa.

Tiyambe ndi khomo lolowera. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Maphunziro a zaumoyo amafuna makirediti, ndipo maso awo amakhala pa Chingerezi, Masamu, Biology, Physics ndi Chemistry. Apa ndi pamene ana athu ambiri amagwera. Mwana amabwera ndi mapointi okongola, koma wawapeza ku Agriculture, Chichewa ndi Bible Knowledge, Chemistry ali ndi 8. Ameneyo kalata yake siipita patali. Ndiye nkhaniyi muyambe kukamba naye ali Folomu 2, posankha maphunziro, osati zotsatira zitatuluka. Ndipo wina akakuuzani kuti mumpatse ndalama akupezereni malo, ameneyo ndi wakuba. Fizi imalipidwa ku akaunti ya sukulu, risiti n'kusunga.

Amene walowa amasankha njira: unamwino ndi uzamba, ukiliniko ofesala, za mu labotale, kapena zaumoyo wa anthu m'midzi. Dipuloma imatenga zaka 3, digiri zaka 4.

Miyezi yoyamba ndi ya m'kalasi: mafupa, mitsempha, mankhwala, tizilombo. Akatero amayeserera pa zidole asanakhudze munthu. Kenaka wodi. Kumeneko n'kumene zinthu zimasiyana ndi makoleji ena, kumene mwana akhoza kujomba sabata n'kudzakopera notsi za mnzake. Wodi siikoperedwa. Wophunzira amadzuka kusanache, amalandira malipoti kwa amene anagona usiku, amayeza odwala mmodzimmodzi. Ayenera kudziwa pamtima kuti thupi la munthu wabwinobwino limatentha pafupifupi madigiri 37, kuti mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, ndipo akaona zosiyana athamange kukauza wamkulu, asangolemba n'kukhala chete. Masabata ena amagwira usiku. Nthawi zina amatumizidwa ku zipatala zina, ndipo kumeneko thiransipoti, chakudya ndi pogona zimafuna ndalama zapadera zimene makolo ambiri saziwerengera.

Pali kabuku kena, amati logbook. Chilichonse chimene wachita, kuchiritsa mayi, kuika diripu, kusoka bala, chimalembedwamo, amene amamuyang'anira n'kusainira. Pali chiwerengero chimene ayenera kukwanitsa. Mwana wanzeru m'kalasi akhoza kubwereza chaka chifukwa cha kabuku kameneka: anachita ntchito koma sanasainitse tsiku lomwelo, wosainira uja wasamutsidwa, umboni palibe. Choncho inu makolo, maliro a kutali, chinkhoswe, kukolola, musamamuitane mwana pa chilichonse. Masiku a mu wodi akaphonya amayenera kuwabweza.

Za chitetezo chake nazo muzidziwe. Katemera wa Hepatitis B, matenda a chiwindi, amabaya katatu, amalize onse. Akadzibaya ndi singano imene yagwira ntchito pa wodwala, asabise chifukwa cha manyazi. Atsuke ndi madzi ndi sopo, anene nthawi yomweyo. Mankhwala oteteza ku HIV, a PEP, amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwa masiku 28 osadumphitsa.

M'chikwama mwake muikemo yunifolomu zosachepera ziwiri, chifukwa nthawi ya chiperoni, June ndi July, chovala sichiuma tsiku limodzi. Nsapato zotseka kumapazi, zosaterera. Wotchi yoonetsa masekondi yowerengera kugunda kwa mtima, stethoscope (chomvetsera mtima ndi chifuwa), juzi, bulangete lolemera, neti. Foni yotha kulowa pa intaneti ikufunika, notsi zambiri masiku ano zimayenda pa WhatsApp, koma siyofunika kukhala yodula.

Sukuluyi ndi ya mpingo, ndipo ana a mipingo ina amaphunzirapo, koma malamulo a pamalopo ndi a onse. Dzina lomwelo likunena. Kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa ndi Sabata, makalasi kulibe, ngakhale odwala mu wodi amasamalidwabe. Mowa ndi fodya ayi. Nkhumba ndi mlamba, amayi, musamutumizire mu phukusi. Muuzeni mwana zimenezi asanapite, asakadabwe.

Bambo uko mwafunsa za ngongole ya boma. Bungwe lake ndi Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ngongoleyo siibwera yokha, mwana amafunsira m'nyengo imene alengeza, ndipo ayambe wafunsa ku ofesi ya sukulu ngati maphunziro akewo ali m'gulu lolandira. Ndi ngongole, adzabweza akayamba ntchito.

Tsono tsiku la gauni ndi zithunzi lija musaliyese mapeto. Namwino ndi mzamba amayenera kukhoza mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi kuti apatsidwe chiphaso. Kiliniko ofesala amakagwira kaye intenishipu, ntchito yoyang'aniridwa ndi akuluakulu, ya chaka pa chipatala, ndipo iye ndi wa mu labotale amalembetsa ku Medical Council of Malawi. Zonsezi zili ndi malipiro ake, ndiye mbuzi yomaliza ija musaiphe pa phwando, isungeni. Amayi avala duku lofiira, dzanja lanu ndinaliona kale, funsani.