Ngwazi za m'makomiki zikachoka papepala: n'chifukwa chiyani mafilimu ndi magemu ena amagwira mtima pomwe ena amagwa chagada?

Moni nonse amene mukuonera. Lero tikambirana za ngwazi za m'makomiki, mabuku aja amene nkhani yake imakambidwa ndi zithunzi zojambula, ndi zimene zimachitika ngwazi zimenezi zikasamutsidwira mu filimu kapena mu gemu.

Mu 1999 kampani ya ku France yotchedwa Titus inatulutsa gemu ya Superman pa makina a Nintendo 64. Woigula ankayembekezera kukhala munthu wamphamvu kuposa aliyense padziko. Akaiyatsa ankapeza kuti ntchito yake ndi kuuluka modutsa m'mikombero yoyandama m'malere, nthawi ikumuthera, mzinda wonse utaphimbidwa ndi nkhungu moti sankaona patali. Mpaka lero imatchulidwa pakati pa magemu oipitsitsa amene anapangidwapo. Patatha zaka 10, kampani ya Rocksteady ya ku London inatulutsa Batman: Arkham Asylum, ndipo anthu anaigwa nayo m'chikondi. Ngwazi zonse ziwiri ndi za kampani imodzi ya DC, zonse ndi zodziwika padziko lonse. Nanga zinasiyana pati?

Kuti timvetse, tiyambe taona mmene komiki imagwirira ntchito. Taganizirani tsamba la komiki. Lagawidwa m'timabokosi. M'kabokosi koyamba munthu wakunga chibakera. M'kachiwiri mdani wake ali chigonere pansi. Nkhonya yeniyeniyo simunaione ikutera. Munaimenya ndinu m'maganizo mwanu, pa kampata koyera kali pakati pa timabokosi tiwirito. Woŵerenga komiki ndiye mwini nthawi: atha kuyang'ana chithunzi chimodzi kwa mphindi zisanu, atha kubwerera m'mbuyo. N'chifukwa chake Spider-Man atha kulankhula ziganizo zitatu ali m'malere asanatere, ndipo palibe amene amadabwa.

Mu filimu nthawi ili m'manja mwa wotsogolera filimuyo. Zithunzi 24 zimadutsa pa sekondi iliyonse, mufune musafune, ndipo nkhani iyenera kutha m'maola aŵiri kapena kupitirirako pang'ono. Koma Spider-Man anayamba mu 1962, Batman mu 1939, Superman mu 1938. Nkhani za zaka zambirimbiri chonchi sizingakwane m'maola aŵiri, choncho ntchito yoyamba ya wolemba filimu ndi kutaya. Mu gemu zinthu zimatembenukanso: dzanja la ngwazi lili m'dzanja lanu. Simukuonerera Batman, ndinu Batman, ndipo kwa maola ambiri muyenera kukhala ndi chochita sekondi iliyonse.

Tiyambe ndi mafilimu, pomwe mkangano waukulu umakhala wa maonekedwe. Pamene filimu ya X-Men inkatuluka mu 2000, opanga anaopa kuti zovala zachikasu ndi zabuluu za m'makomiki zidzaseketsa anthu zikavalidwa ndi munthu weniweni. Anawaveka zikopa zakuda. Komanso Wolverine wa m'buku ndi wamfupi kwambiri, pomwe Hugh Jackman amene anamusewera ndi wamtali. Okonda makomiki anadandaula, koma sipanatenge nthawi anamulandira, ndipo chovala chachikasu chija anadzachivala mu 2024, patatha zaka 24. Zofananazi zinachitikanso kwa Michael Keaton, amene anthu ankamudziŵa ndi mafilimu oseketsa. Atasankhidwa kukhala Batman wa mu 1989, makalata otsutsa anasefukira ku Warner Bros. Filimuyo itatuluka, otsutsa aja anakhala chete.

Tsono yerekezani ndi Deadpool. Chimene chimamupanga kukhala Deadpool ndi pakamwa pake: salekeza kulankhula, amaseka adani ake, amatembenuka n'kulankhula ndi woŵerenga. Mu filimu ya X-Men Origins: Wolverine ya mu 2009, opanga anamutseka pakamwa. Anthu anakwiya, ndipo ine ndimati anali ndi chifukwa chomveka. Mu 2016 Ryan Reynolds, yemwe anaseŵeranso Deadpool wa mu 2009 uja, anabwerera ndi Deadpool wolongolola, ndipo filimuyo inagulitsa modabwitsa. Msinkhu mutha kusintha, mtundu wa nsalu mutha kusintha. Koma mukachotsa khalidwe limene anthu amamudziŵira munthuyo, chatsala ndi dzina lokha.

Pali vuto lina limene ambiri saliganizira, la chigoba cha kumaso. Wojambula komiki atha kukulitsa kapena kuchepetsa maso oyera a pa chigoba cha Spider-Man kuti aonetse mantha kapena mkwiyo, ngakhale kuti nsalu yeniyeni singachite zimenezo. Mu filimu, nkhope ya wosewera ndi imene imanyamula chisoni ndi mantha. N'chifukwa chake mumaona ngwazi zikuvula chigoba kapena chikung'ambika nkhondo ikafika pachimake. Filimu ya Iron Man ya mu 2008 inapeza njira yanzeru: inatiloŵetsa m'kati mwa chisoti chachitsulo kuti tiziona nkhope ya Robert Downey Jr. Ndipo mu 2016 Spider-Man anapatsidwa magalasi a maso otseguka ndi kutsekeka ngati a kamera, kuti zimene wojambula ankachita ndi cholembera zikhale ndi chifukwa pa sikirini.

Mwina mukuti, bwanji osangokopera bukulo tsamba ndi tsamba? Zinayesedwapo. Watchmen, komiki ya Alan Moore ndi Dave Gibbons ya mu 1986 ndi 1987, inasandutsidwa filimu ndi Zack Snyder mu 2009, ndipo zithunzi zambiri za mu filimuyo zinatengedwa ndendende kuchokera m'timabokosi ta m'bukumo. Komabe oonera anagaŵanika. Mphamvu ya komiki imeneyi ili m'kayalidwe ka tsamba. Masamba ambiri ali ndi timabokosi 9, ndipo gawo lachisanu linayalidwa mwakuti theka lachiŵiri likufanana ndi loyamba ngati munthu ndi chithunzi chake pagalasi. Zimenezi umaziona pokhapokha utagwira buku n'kumavundukula uku ndi uku. Filimu ilibe tsamba lovundukula. Moore mwiniwake anakana kuti dzina lake lilembedwe pa filimuyo.

Filimu imene ine ndimaona kuti inamvetsa bwino nkhaniyi ndi Spider-Man: Into the Spider-Verse ya mu 2018. Opanga anatenga timadontho ta inki ndi mawu olembedwa a phokoso, zinthu za papepala, n'kuziphatikiza ndi chinthu chimene filimu yokha ingachite, ndicho kuseŵera ndi liŵiro la zithunzi. M'zigawo zina Miles Morales, Spider-Man watsopano, akadali wophunzira, amayenda ndi zojambula 12 pa sekondi, pomwe Spider-Man wakale Peter Parker wozoloŵera akuyenda ndi 24. Diso lanu limaona kuti mnyamatayu akudodoma ngakhale palibe wakuuzani. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar mu 2019.

Tsopano magemu. Funso la wopanga gemu ndi lakuti: kodi munthu ameneyu amachita chiyani, ndipo woseŵera adzachimva bwanji m'zala zake?

Kwa Spider-Man yankho ndi kulendeŵera pa ulusi. M'magemu akale ulusiwo unkangokola kumwamba kopanda kanthu. Mu gemu ya Spider-Man 2 ya mu 2004, kampani ya Treyarch inachititsa kuti ulusi uzikola pa nyumba yeniyeni. Ngati palibe nyumba yaitali pafupi, mumagwa. Mukasiya ulusi mochedwa mumakwera m'mwamba, mukausiya msanga mumathamangira kutsogolo. Anthu ankatha maola akungozungulira New York osachita ntchito iliyonse ya m'nkhaniyo, chifukwa kuyenda kokhako kunali kokoma. Kampani ya Insomniac inamanga pa maziko omwewo mu 2018, n'kuwonjezera theka lina la munthuyu. Sinabwerezenso nkhani ya mmene anapezera mphamvu atalumidwa ndi kangaude. Inatipatsa Peter wa zaka 23, amene wakhala Spider-Man zaka 8, ndipo akuthamangitsidwa m'nyumba chifukwa cholephera kulipira lendi. Chiyambireni pamene Stan Lee ndi Steve Ditko anamulenga, mtima wa nkhani yake wakhala womwewo: Spider-Man akapambana, Peter Parker amataya kanthu.

Kwa Batman yankho ndi mantha. Iye alibe mphamvu zodabwitsa, zipolopolo zingapo zimamugwetsa. Choncho Rocksteady inakuikani m'chipinda chachikulu muli anthu a mfuti, inu muli chibisalire pamwamba mumdima. Mumagwira mmodzi mwakachetechete n'kubwerera kumwamba. Anzake akamupeza amayamba kunjenjemera, ndipo gemu imakuonetsani mtima wawo ukugunda mofulumira. Akatsala mmodzi amaombera chilichonse chimene chagwedezeka. Pamenepo simufunika kuuzidwa kuti zigaŵenga zimaopa Batman, mwawaopseza ndinu. Rocksteady inaitananso Kevin Conroy ndi Mark Hamill, amene ankalankhula mawu a Batman ndi mdani wake Joker m'makatuni a pa TV kuyambira 1992, komanso Paul Dini amene ankalemba nawo makatuniwo. Chinanso chofunika: gemuyi sinamangiriridwe ku filimu iliyonse. Magemu ambiri a m'mbuyomo ankapangidwa mothamanga kuti atuluke tsiku limodzi ndi filimu, atha kapena asanathe.

Superman ndiye mutu wopweteka. Gemu imakoma chifukwa ungathe kugonja, nanga munthu amene chipolopolo sichimuloŵa agonja bwanji? Mukamufooketsa kuti chigaŵenga wamba chizimupweteka, si Superman. Mukamusiya ndi mphamvu zake zonse, palibe chovuta. Gemu ya Superman Returns ya mu 2006 inayesa maganizo amene ine ndimawalemekeza: mzere woonetsa moyo unali wa mzinda wa Metropolis, osati wa Superman. Mzinda ukaonongeka kwambiri, mwagonja. Gemuyo sinayende bwino pa zifukwa zina, koma pamenepa anamumvetsa munthuyo, chifukwa chimene Superman amaopa ndi kuchedwa kupulumutsa ena.

Zaka zaposachedwapa zaonetsa njira ina yogwera. Marvel's Avengers ya mu 2020, gemu ya gulu la ngwazi za kampani ya makomiki ya Marvel, inapangidwa kuti anthu aziiseŵera pa intaneti kwa zaka, akutolera zida ndi kugula zovala. Zotsatira zake, Hulk ankafunika kutolera tizipangizo kuti akhale wamphamvu, akumenyana ndi maroboti ofanana tsiku ndi tsiku. Mu 2023 anasiya kuigulitsa. Rocksteady yomwe ija inagwera m'dzenje lomwelo mu 2024 ndi Suicide Squad: Kill the Justice League, momwe anthu anayi osiyana kotheratu onse anapatsidwa mfuti. Eni ake a Rocksteady, a Warner Bros. Discovery, ananena kuti gemuyi inawabweza m'mbuyo ndi madola pafupifupi 200 miliyoni. M'magemu aŵiriŵa njira yopezera ndalama inasankhidwa poyamba, ngwazi n'kudzakanikizidwamo pambuyo.

Kunena za ndalama, n'zimenenso zimasankha kuti ndani akumana ndi ndani pa sikirini. Marvel inagwa pa zachuma mu 1996, ufulu wopanga mafilimu a X-Men utapita kale ku Fox, ndipo wa Spider-Man unadzapita ku Sony mu 1999. Pamene Marvel inayamba kupanga mafilimu ake mu 2008, inayamba ndi Iron Man, amene panthawiyo sanali wotchuka ngati enawo. Disney inagula Marvel mu 2009 pa madola pafupifupi 4 biliyoni, ndipo Spider-Man anadzakumana ndi Avengers mu 2016 Sony ndi Marvel atagwirizana.

Kwa amene amati filimu iyenera kutsata buku mosapatuka, ndili ndi funso: buku lake liti? Superman wa mu 1938 sankauluka, ankadumpha. Makatuni a kampani ya Fleischer amene anayamba mu 1941 ndi amene anakhazikitsa kuuluka kwake m'maso mwa anthu. Kryptonite, mwala womufooketsa uja, unamveka koyamba pa seŵero la pa wailesi mu 1943. Harley Quinn, mnzake wa Joker, anabadwira m'makatuni a pa TV mu 1992, n'kuloŵa m'makomiki pambuyo pake. Mtsinje umenewu umayenda mbali zonse ziŵiri.

Ndipo nthawi zina filimu imakonza zimene buku linalakwitsa. Black Panther analengedwa ndi Stan Lee ndi Jack Kirby mu 1966. M'makomiki akale, mdani wake M'Baku ankavala chikopa cha nyani wamkulu ndipo ankatchedwa Man-Ape, dzina limene limakumbutsa chipongwe chakale chonyoza anthu akuda. Filimu ya Ryan Coogler ya mu 2018 inataya dzinalo n'kumupanga mtsogoleri wa fuko wodzilemekeza. Anthu a ku Wakanda, dziko lopeka la kwawo kwa Black Panther, anapatsidwa Chixhosa kukhala chilankhulo chawo, ndipo Ruth E. Carter anasoka zovala potengera mabulangete a Abasotho, mikanda ya Amasai ndi zipewa za amayi a Chizulu. Anapata nazo Oscar, ndipo filimuyo inapanga madola oposa 1.3 biliyoni.

Ndalama zonsezi zimandikumbutsa anthu amene anagwira cholembera poyamba, ndipo sindingamalize osawatchula. Jerry Siegel ndi Joe Shuster anagulitsa Superman mu 1938 pa madola 130. Anakalamba ali m'mavuto, kufikira mu 1975 pamene anthu anadandaula poyera, filimu yaikulu ya Superman ikukonzedwa, ndipo kampani inavomera kuwapatsa madola 20,000 aliyense pachaka ndi kubwezeretsa mayina awo. Bill Finger, amene anathandiza Bob Kane kupanga Batman ndi kulemba nkhani zake zoyambirira, anamwalira mu 1974 dzina lake lisanalembedwepo ngati mlengi. DC inavomera kulilemba mu 2015. Ulendo wina filimu ya ngwazi ikatha, musafulumire kudzuka mayina akamadutsa, mufunefune la amene anajambula munthuyo koyamba.

Mu vidiyo yotsatira tidzapita ku Japan, tikaone mmene makomiki awo otchedwa manga amasandukira makatuni ndi magemu, chifukwa kumeneko ntchitoyi imayenda mwa njira ina. Zikomo poonera.