Koleji ikati "tidikire kaye": zoyenera kuchita kuyambira Disembala mpaka Malichi

Amayi ndi abambo, makolo anzanga, ndi inu achinyamata amene muli m'chaka chomaliza cha sekondale, zikomo kuti mwabwera ngakhale kunja kukuzizira chonchi. Akuluakulu a gulu lathu anandipempha kuti ndilankhulepo za kalata imene yasowetsa mtendere mabanja ena a ife Amalawi okhala kuno ku America, kalata imene mwana amalandira pakati pa mwezi wa Disembala kuchokera ku koleji imene anafunsirako malo mofulumira, yonena kuti sanamutenge koma sanamukanenso, ndipo pempho lake adzaliunikanso pamodzi ndi mapempho a gulu lalikulu. Eni ake amaitcha deferral, ndipo ine ndizingonena kuti pempho laimikidwa.

Ambiri a ife tinaphunzira kwathu, kumene munthu ankalemba mayeso a MSCE n'kudikira kuti mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite atuluke, ndipo dzina likapanda kutuluka nkhani inkathera pomwepo. Kuno makoleji ambiri amalandira mapempho kawiri. Ofulumira amatumiza pofika pa 1 kapena pa 15 Novembala n'kuyankhidwa mu Disembala, pamene gulu lalikulu limatumiza kumayambiriro kwa Januwale n'kuyankhidwa kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Kufunsira mofulumira kuli ndi njira ziwiri. Pa njira ya Early Decision, mwana, kholo ndi mlangizi wa kusukulu amasaina pangano lakuti akatengedwa adzapita komweko ndipo adzachotsa mapempho ake kwina konse. Pa njira ya Early Action palibe pangano lotere, ngakhale kuti Harvard, Yale, Princeton ndi Stanford amaletsa mwana amene wafunsira mofulumira kwa iwo kufunsiranso mofulumira ku makoleji ena omwe si a boma. Chimene makolo ambiri sachidziwa ndi chakuti pempho la Early Decision likaimikidwa, pangano lija latha mphamvu. Mwanayo ndi womasuka, ndipo ngakhale adzamutenge mu Malichi sadzakakamizidwa kupita.

Musanayambe kulira kapena kukondwera, fufuzani kuti koleji imeneyo imaimika anthu ochuluka bwanji, chifukwa kalata yooneka yofanana imalemera mosiyana malinga ndi kumene yachokera. Mu Disembala 2023, pa mapempho ofulumira 7,921 amene inalandira, Harvard inatenga ophunzira 692, ndipo pafupifupi 83 pa 100 alionse inawaimika. M'mwezi womwewo, pa mapempho 7,856 amene inalandira, Yale inatenga 709, koma inaimika 20 okha pa 100 alionse, ndipo 70 pa 100 inawakaniratu. Mwana amene anaimikidwa ku Yale chaka chimenecho anali atapyola pa sefa yeniyeni, pamene mnzake wa ku Harvard anangotsala m'khamu limene munali pafupifupi aliyense. Georgetown nayo ili ndi mwambo wake wosakana munthu pa nthawi ya Early Action, kotero kuti aliyense amene sanatengedwe amangoimikidwa. Ndinene mosabisa kuti ku makoleji otchuka chotere, oimikidwa amene amadzatengedwa mu Malichi ndi ochepa. Alipo ndithu chaka chilichonse, koma banja limene likuika chiyembekezo chake chonse pamenepo likudzipusitsa.

Ndiye n'chifukwa chiyani koleji imaimika pempho? Kawirikawiri oweruza mapempho amakhala atawona kuti mwanayo angathe kuphunzira kwawoko, koma akufuna kuona zinthu ziwiri zimene mu Novembala kunalibe: magiredi a theka loyamba la chaka chomaliza, ndiponso mtundu wa ophunzira amene adzabwere m'gulu lalikulu la Januwale, kuti amuyerekeze nawo. Chachiwirichi inu mulibe nacho mphamvu. Choyambacho ndiye chili m'manja mwanu, ndipo mfundo yanga yonse madzulo ano yagona pamenepa, kuti kalata yoimika pempho ikufunsa umboni watsopano, osati madandaulo kapena kubwereza zimene anaziwerenga kale.

Chinthu choyamba kuchita ndi kuwerenga kalatayo mpaka kumapeto, pamodzi ndi malangizo amene koleji yaika pa tsamba la mwana la pa intaneti, chifukwa koleji iliyonse imanena zimene ikufuna. MIT ili ndi fomu yake imene imadzazidwa mu Febuluwale, pamene mwana amalembapo magiredi atsopano ndi zina zimene zasintha. University of Michigan imapereka malo akeake olembapo mwachidule kuti mwanayo akufunabe malo. Ena amanena poyera kuti musatumize makalata ena owonjezera a aphunzitsi. Akanena choncho, mverani. Anthu amene amawerenga mapemphowa amawerenga masauzande m'sabata zowerengeka, ndipo mwana amene walephera kutsatira malangizo a mizere iwiri wadzichitira umboni woipa yekha.

Tsopano za magiredi, zimene ndikufuna achinyamata mumve bwino. Theka loyamba la chaka likatha, mu Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale, mlangizi wa kusukulu kwanu amatumiza lipoti la pakati pa chaka, kawirikawiri kudzera pa Common App, tsamba la pa intaneti lofunsirapo malo ku makoleji ambiri. Pa zonse zimene zidzalowe m'faelo yanu pambuyo pa Disembala, lipoti limeneli ndilo lolemera kwambiri. Ngati mu giredi 10 munafooka pa masamu koma tsopano mukukhoza bwino m'kalasi ya AP Calculus, lipotilo lidzakuyankhulirani kuposa kalata iliyonse imene mungalembe. Ngati mwakhumudwa ndi yankho la Disembala n'kuyamba kujomba kapena kusiya maphunziro ovuta kuti mutenge opepuka, oweruza adzaona zimenezonso, ndipo sadzafunsa chifukwa chake. Pitani kwa mlangiziyo sukulu ikangotsegulidwa, mumuuze kuti pempho laimikidwa, mumufunse tsiku limene adzatumize lipotilo, ndipo mudzayang'ane nokha pa tsamba lanu ngati lafika. Alangizi a m'sukulu zazikulu za boma amasamalira ophunzira mazanamazana, ndipo sindikuwanyoza ndikamati pepala likhoza kuiwalika. Nthawi zina mlangizi amatha kuimbira foni ofesi yolemba ophunzira n'kumva ngati pali chimene chinasowa m'pempho, ndipo iyeyo ndiye woyenera kuimba foni imeneyo.

Pamenepa ndiyankhule ndi ife makolo. Kwathu nkhani yaikulu mwini wake saiyendera yekha, timatuma amalume, ankhoswe kapena munthu wolemekezeka kuti akatilankhulire, ndipo umenewo ndi ulemu. Ku ofesi yolemba ophunzira ya kuno, kholo likaimba foni kapena kulemba imelo yofunsa chifukwa chimene mwana wake sanatengedwe, iwo amamva kuti mwanayo sangathe kudziimirira yekha. Kalata ya abusa, ya bwana wa kuntchito kwanu kapena ya munthu wa udindo amene mwanayo sanagwirepo naye ntchito siithandiza kanthu, ngakhale itakhala ndi chidindo chachikulu bwanji. Mphatso ndiye musayerekeze n'komwe. Ntchito yathu ndi kukumbutsa masiku, kukonza mapepala a ndalama, ndi kusamufunsa mwana tsiku lililonse pa chakudya chamadzulo ngati koleji yayankha.

Kalata imene imathandiza ndi ya mwana mwini, ngati koleji ikuilola. Ikhale yaifupi, yosapyola tsamba limodzi, ndipo itumizidwe kamodzi, makamaka mu Januwale pamene magiredi atsopano adziwika, kudzera pa tsamba la mwana kapena kwa mkulu wa ofesiyo amene amayang'anira mapempho a dera lanu. Iyambe ndi kunena kuti akufunabe malo. Ngati kolejiyo ndiyo yoyamba pamtima pake ndipo akatengedwa adzapitadi, anene choncho momveka, koma ngati si zoona asalembe, ndipo asalonjeze zimenezo ku makoleji awiri. Kenaka afotokoze zimene zachitika kuyambira Novembala: mphoto imene wapambana, udindo umene wapatsidwa m'timu kapena m'kwaya, kafukufuku amene wamaliza, maola amene wawonjezera kuntchito ndi zimene waphunzirako. Mzere umodzi wonena kuti wayambitsa kalasi yothandiza ana a giredi 9 pa sayansi ndipo imakumana kawiri pa sabata umaposa ndime yonse yotamanda kukongola kwa nyumba za pa koleji. Atchulenso chinthu chenicheni cha kumeneko chimene chikugwirizana ndi zimene akuchita, monga phunziro linalake kapena labotale inayake, kuti aonetse kuti anafufuza.

Pali chinthu chimodzi chimene ana athu amachisiya chifukwa amachiona ngati chosafunika, mwinanso chochititsa manyazi. M'mabanja athu ambiri makolo amagwira ntchito usiku m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, ndipo mwana wamkulu ndiye amaphikira azing'ono ake, kuwathandiza homuweki, kuwaperekeza ku basi ya sukulu, ndi kumasulira agogo Chingerezi kwa dokotala. Common App ili ndi malo olembapo udindo wa pabanja pakati pa zochita za mwana, ndipo makoleji amauwerengera. Ngati mwana wanu sanatchule zimenezi mu Novembala, kalata ya mu Januwale ndi mwayi wake woti afotokoze, mosadzimvera chisoni, maola amene amathera pa ntchito imeneyi pa sabata. Zimathandiza woweruza kumvetsa chifukwa chimene mwanayo analibe makalabu asanu ngati anzake, ndiponso kulemera kwa magiredi amene anapeza ali ndi katundu wotere.

Mungafune kudziwa ngati kuonetsa chidwi kumawerengedwa n'komwe. Makoleji ambiri amasindikiza chikalata chotchedwa Common Data Set, chimene mungachipeze pa intaneti, ndipo gawo C7 limasonyeza zimene amaziganizira posankha ophunzira, kuphatikizapo chidwi cha wopempha. Ena analemba kuti chidwicho ndi chofunika, ena analemba kuti sachiganizira konse. Musanawononge ndalama za ndege kuti mukaonekere pa koleji, yang'anani pamenepo.

Za mayeso olowera ku koleji a SAT ndi ACT ndingonena mwachidule. Ngati mwana analembanso mu Disembala ndipo wakweza, atumize zotsatirazo. ACT imalembedwanso mu Febuluwale, koma afunse kaye ngati koleji idzalandira zotsatira za nthawi imeneyo. Kalata yowonjezera ya mphunzitsi ikhale imodzi yokha, pokhapokha ngati aloleza, ndipo ichokere kwa munthu amene anganene zimene ena aja sananene.

Koma ntchito yaikulu ya sabata ziwiri zomaliza za Disembala siili pa koleji imene yaimika pempho, ili pa makoleji ena aja amene masiku awo otsekera ali kumayambiriro kwa Januwale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Common App imalola makoleji mpaka 20, ndipo sindikuti mudzaze onse, koma pa mndandanda pakhale angapo amene magiredi a mwana akuposa a ophunzira ambiri amene amatengedwa kumeneko, kuphatikizapo yunivesite ya boma ya m'dera lanu, imene malipiro ake ndi otsika kwa okhala m'deralo. Nkhani yofotokoza za iye mwini, yosapyola mawu 650, imene mwana analemba pa Common App aiwerengenso ndi maso atsopano, aipereke kwa mphunzitsi wa Chingerezi, ndipo ngati ikufunika kukonza aikonze asanaitumize kwina. Makolo musamulembere, chifukwa owerenga amazindikira msanga mawu a munthu wa zaka 50.

Ena a inu mumva za Early Decision II, imene makoleji monga University of Chicago, Vanderbilt, Johns Hopkins, Emory ndi New York University ali nayo. Pempho limatumizidwa mu Januwale, yankho limabwera mu Febuluwale, ndipo pangano lake ndi lomanga ngati la poyamba lija. Mwana amene waimikidwa ali ndi ufulu wofunsira njira imeneyi, koma adziwe kuti akatengedwa kumeneko ayenera kuchotsa pempho lake ku koleji yoyamba ija asanamve yankho lake. Maganizo anga ndi akuti banja limene likudalira thandizo la ndalama lilingalire kawiri, popeza pangano lotere limakulandani mwayi woyerekeza zimene makoleji osiyanasiyana akupereka. Gwiritsani ntchito kaye chowerengera mtengo chimene koleji iliyonse imaika pa webusaiti yake, muone ngati chiwerengerocho mungachikwanitse.

Mapepala a ndalama asadikire yankho. Mafomu opemphera thandizo la ndalama, FAFSA, ya nzika ndi amene ali ndi green card (chilolezo chokhala kuno mokhazikika), komanso CSS Profile, imene makoleji ambiri omwe si a boma amafuna, zili ndi masiku awo otsekera, ndipo pempho likaimikidwa masikuwo saima. Mwana amene si nzika ndipo alibe green card nthawi zambiri amawerengedwa ngati wophunzira wochokera kunja ngakhale anakulira kuno, ndipo makoleji ambiri amayang'ana kuchuluka kwa thandizo limene wophunzira wotere akufuna asanamutenge. Ochepa okha, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, ndiwo sayang'ana zimenezo kwa ochokera kunja, choncho banja lotere lifunse koleji iliyonse kuti mwanayo amuika m'gulu liti.

Yankho la mu Malichi likhoza kukhala kutengedwa, kukanidwa, kapena kuikidwa pa mndandanda wodikira, umene nthawi zambiri umayamba kuyenda pambuyo pa 1 Meyi. Tsiku la 1 Meyi ndilo limene makoleji ambiri amafuna kuti mwana avomere malo ndi kulipira ndalama ya chikole. Ngati pofika tsikulo akudikirabe, alipire chikole ku koleji imodzi mwa imene yamutenga, ndipo akadzaitanidwa kuchokera pa mndandanda uja adzadziwitse koleji imene analipirako kuti sabweranso, podziwa kuti chikolecho kawirikawiri sichibwezedwa.